Kutalikitsa Unyolo wa Sipanala ya Mapaipi

Miyezi ya September ndi October ndiyo nthawi imene madzi amakhala chuma choposa china chiri chonse kwa mlimi. Fodya ali pa nazale, chimanga cha kudimba chifuna kuthirira, ndipo dzuwa liribe chisoni. Mbande zanthete za fodya zikasowa madzi masiku awiri kapena atatu m'nyengo yotereyi zimapserera, ndipo mwini wake amadzasowa chooka pamene anzake akuthamangira kumunda ndi mvula yoyamba. Chifukwa cha ichi alimi amene ali ndi pampu, ndi iwo amene anasonkherana ndalama nagula pampu ya gulu, amafulumira kumasula mapaipi, kuwatsuka, ndi kusintha zonse zimene zinaonongeka chaka chatha.

Pa nchito imeneyi chida chimene chimathandiza kwambiri ndicho sipanala ya unyolo, imene ambiri amaitcha sipanala ya tcheni. Poyendera alimi m'midzi timamva funso limodzi kawirikawiri: "Unyolo wa sipanala yathu wachepa, sufika kuzungulira paipi yaikulu. Kodi nkutheka kuulumikiza kuti utalike?" Yankho lathu ndi lakuti nkutheka, ndipo m'nkhani ino tilongosola m'mene amachitira. Koma tiyambe ndi mau amene tifuna kuti mlimi ali yense awasunge: kutalikitsa unyolo kumathandiza sipanala kufika pamene sinali kufika, koma sikuipatsa mphamvu imene inalibe.

M'MENE SIPANALA IMENEYI IMAGWIRIRA

Sipanala ya unyolo iri ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi chigwiriro chachitali chachitsulo. Chachiwiri ndi mutu wokhala ndi mano, ndipo pafupi ndi manowo pali ngowe. Chachitatu ndi unyolo, umene mbali imodzi unamangika ku mutu ndi pini yolimba, pamene mbali inayo iri yomasuka. Munthu amazunguliza unyolo pa paipi, naukoka kuti uthine, naukoletsa pa ngowe. Akakoka chigwiriro, mano amaluma paipi ndipo unyolo umakungika. Akaonjeza kukoka, sipanala imaonjezanso kugwira. Ubwino wake ndi wakuti imagwira chinthu chozungulira chimene chiribe makona, ndiponso imalowa m'malo opanikizika, monga m'ngalande kapena pafupi ndi khoma, m'mene sipanala ya kukamwa singalowe.

Tonse tidziwa kuti munthu mmodzi amatha kutukula mwala waukulu ndi mtengo wautali, ngati waika kamwala kena pansi pa mtengowo pafupi ndi nsonga yake. Chigwiriro cha sipanala chimachita chimodzimodzi, ndipo katundu amene chimatukula ndiye unyolo. Tiyerekeze kuti chigwiriro ndi chotalika mainchesi 18, ndipo kuchokera pamene mano aluma kufika pamene unyolo wamangika pali mainchesi 2. Mphamvu ya munthu imachuluka pafupifupi ka 9 pofika pa unyolo. Mwamuna akakoka ndi mphamvu yonyamulira makilogalamu 40, unyolo umasenza ngati makilogalamu 360, ndiko kuposa matumba 7 a chimanga a makilogalamu 50 liri lonse. Katundu yense ameneyu amadzera pa mfundo iri yonse ya unyolo, ndi pa pini iri yonse, popanda ina yopumula. Amene anatungapo madzi pachitsime adziwa kuti chingwe chimadukira pamene chaperepeseka, ngakhale kwina konse chikhale chatsopano. Pa unyolo wolumikiza, malo otere ndi polumikiza pomwepo.

YAMBANI MWAYESA

Musanadule kanthu, dziwani utali umene ukufunika. Tengani chingwe chopyapyala, muchizungulize pa paipi kapena pa soketi imene mufuna kumasula, ndipo muchiyese pa rula. Ngati mufuna kuwerengera, kuzungulira kwa chinthu ndi kukula kwake kwa pakati kuchulukitsa katatu ndi pang'ono, ndiko 22 kugawa ndi 7. Kumbukirani kuti dzina la paipi yachitsulo silinena kukula kwake kwa kunja. Paipi yotchedwa ya mainchesi 2 iri ndi mainchesi 2⅜ kunja, ndipo kuzungulira kwake ndi mainchesi 7½. Ya mainchesi 3 iri ndi 3½ kunja, kuzungulira 11. Ya mainchesi 4 iri ndi 4½ kunja, kuzungulira 14 ndi pang'ono. Soketi yolumikiza mapaipi imakula kuposa pamenepa, chotero yesani soketi yomwe. Pa utali umene mwapeza onjezani mfundo zitatu kapena zinai, kuti unyolo usakolere pa mfundo yotsiriza.

Mutayesa, dzifunseni kuti nchitoyo ndi yotani, pakuti nchito za sipanala imeneyi ziri mitundu iwiri. Pali nchito zopepuka pa zinthu zazikulu: kumasula sefa ya oilo pa injini ya chigayo, kugwira pule kuti isazungulire pamene mnzanu akumasula nati yake, kapena kumasula paipi yaikulu imene mazinga ake anapakidwa girisi ndipo imamasulidwa chaka ndi chaka. Pa nchito zotere unyolo wolumikiza bwino umathandiza ndithu, chifukwa chimene chinasowa ndi utali wokha. Koma palinso nchito zolemera: paipi yaikulu imene yakhala m'nthaka zaka zambiri, mazinga ake atagwirana ndi dzimbiri. Paipi ikakula, mphamvu yofunika kuipotokola imakulanso, ndipo anthu amene anapanga sipanala anaipatsa unyolo waufupi dala, molingana ndi chigwiriro ndi mano ake. Nchito yotere ifuna sipanala yaikulu.

UNYOLO SULI WA MTUNDU UMODZI

Tsono yang'anitsitsani unyolo wa sipanala yanu. Wina umafanana ndi wa njinga: uli ndi tizitsulo tathyathyathya m'mbali, timene m'nkhani ino tizititcha masaya, ndipo pakati pa masaya pali timagudumu tozungulira pa mapini. Unyolo wotere anaukonza bwino Hans Renold ku Manchester m'chaka cha 1880, ndipo kufikira lero umayendetsa njinga, njinga zamoto ndi makina ambiri a m'munda. Wina ulibe timagudumu; ndi masaya okhaokha osanjikizana, atatu, anai kapena kuposa, olowetsana ngati zala za manja awiri. Umenewu umapezeka pa masipanala aakulu, ndipo suyenera kulumikizidwa ndi unyolo wa mtundu wina uli wonse. Ukachepa, funani wautali wa mtundu womwewo kwa ogulitsa zida.

Unyolo wa timagudumu ndiwo mlimi angathe kulumikiza, koma chidutswa chatsopano chifanane ndi unyolo wakale pa zinthu zinai: mpata wa pakati pa mapini, kukula kwa mkati pakati pa masaya, kunenepa kwa pini, ndi kuchindikala kwa masaya. Mpata umodzi ndi wobvuta kuuyesa molondola, chotero yesani mipata 10 pamodzi, kuyambira pakati pa pini kufika pakati pa pini. Mukapeza mainchesi 5, unyolowo ndi wa theka la inchi. Mukapeza 6¼, ndi wa ⅝.

Kawirikawiri pa masaya pamakhala nambala, ndipo nambalayo ndi mboni yabwino koposa maso. Pa unyolo wa muyeso wa ku America, nambala yoyamba imawerenga magawo a inchi yogawidwa pa 8: unyolo wa 40 ndi wa theka la inchi, wa 50 ndi wa ⅝, wa 60 ndi wa ¾. Pa unyolo wa muyeso wa ku Britain amawerenga magawo a inchi yogawidwa pa 16: wa 08B ndi wa theka la inchi, wa 10B ndi wa ⅝. Pano mpamene ambiri amanyengeka. Unyolo wa 40 ndi wa 08B uli ndi mpata wofanana, ndipo ukagonekedwa pamodzi umaoneka ngati mapasa, koma pini ya 08B ndi yonenepa kuposa ya 40. Mukausakaniza, pini ina idzakana kulowa, ina idzalowa mogwejema, ndipo pini yogwejema ndiyo imayamba kupindika.

Unyolo wa njinga yopalasa ulinso wa theka la inchi, ndipo popeza umapezeka m'mudzi uli wonse, ndiwo umayamba kubwera m'maganizo. Musaugwiritse nchito. Masaya ake ndi opyapyala ndipo mapini ake ndi aang'ono, pakuti anaupangira miyendo ya munthu. Wa njinga yamoto ndi wolimbirapo, koma nawonso uyenera kufanana pa zinthu zinai zija, ndipo usakhale wotha. Unyolo watsopano wa theka la inchi uli ndi mainchesi 12 enieni pa mipata 24. Ngati pa mipata 24 mwapeza 12⅛ kapena kuposa, mapini ake anadyeka kale mkati. Unyolo wa dzimbiri lakuya, wa masaya ong'aluka, kapena wa mfundo zosapindika, utayeni.

POLUMIKIZA MPATI?

Pa masipanala ambiri mapini a unyolo ndi aatali, otulukira kunja mbali zonse ziwiri, ndipo nsonga za mapinizo ndizo zimakola pa ngowe. Unyolo wamba wa makina uli ndi mapini aafupi amene sangakole. Munthu akalumikiza chidutswa cha unyolo wamba kunsonga yomasuka, amapeza kuti unyolo wazungulira paipi bwinobwino koma ulibe pokolera. Chifukwa chake chidutswa chotere chilowe ku mbali ya ku mutu, kuti unyolo wakale wa mapini aatali ukhalebe kunsonga. Ngati mfundo yoyamba, imene yagwira pini ya ku mutu, ndi yosiyana ndi zinzake, isiyeni pomwepo. Dulani pa mfundo yotsatira, ndipo mulowetse chidutswacho pakati.

Dziwani kuti njira imeneyi iri ndi mtengo wake. Chidutswa chikalowa ku mutu, sipanala siigwiranso mapaipi aang'ono, chifukwa pa paipi yaing'ono gawo limene limafika pa ngowe ndi lija la mapini aafupi. Gulu limene liri ndi sipanala imodzi yokha liganize bwino lisanadule. Njira yoposa zonse ndiyo kupeza unyolo wa mapini aatali wa mtundu womwewo, kaya kwa ogulitsa zida kapena pa sipanala inzake imene inathyoka chigwiriro. Unyolo wotere umakola pali ponse, ndipo sipanala imagwirabe mapaipi aang'ono ndi aakulu omwe. Opanga masipanala ena amagulitsa zidutswa zotalikitsira zokonzeratu. Ngati za sipanala yanu zipezeka, musabvutike ndi zina.

KALUMIKIZIDWE KAKE

Unyolo wa timagudumu uli ndi mfundo za mkati, zimene ziri ndi timagudumu, ndi mfundo za kunja, zimene ziri ndi mapini. Zimasinthana: ya mkati, ya kunja, ya mkati. Nsonga ziwiri zimene mufuna kulumikiza zonse zithere pa mfundo ya mkati, ndipo mfundo ya kunja yatsopano ndiyo idzazigwirizanitse.

1. Tsukani unyolo wonse m'palafini, muupukute, kuti muone ming'alu ngati iripo.

2. Pa mfundo ya kunja imene mufuna kuchotsa, palani mitu ya mapini onse awiri ndi tupa, mbali imodzi, kufikira itafanana ndi tsaya.

3. Ikani nati pa chitsulo cholemera, mugoneke unyolo pa natiyo kuti pini ilunjike pa bowo, ndipo mukhome pini ndi kachitsulo kochepa kuposa piniyo. Khomani mapini awiriwo mosinthana pang'onopang'ono kuti masaya asapindike.

4. Mfundo imene mwachotsayo itayeni. Mapini opalidwa mitu alibenso chogwirira tsaya, ndipo akabwezedwa adzasolomoka pa nthawi ya nchito.

5. Pakani girisi mapini a mfundo yatsopano, muwalowetse m'mfundo ziwiri za mkati, mubveke tsaya lake, ndipo mulikhome mpaka likhale molingana ndi masaya a mfundo zinzake.

6. Tsamiritsani mbali inayo pa chitsulo, ndipo musule mitu ya mapini ndi nyundo pang'onopang'ono kuti itambasuke ndi kutseka tsaya.

7. Pindani polumikizapo ndi manja. Pazipindika mofewa monga pa mfundo zina, osauma, osagwejema.

Mfundo yolumikizira ya kachitsulo kotsekera, yonga ya pa njinga yamoto, ndi yosabvuta kuika ndi kuchotsa, ndipo imalola mlimi kubwezera sipanala pa utali wake wakale. Koma tsaya lake limalowa momasuka, chotero ndi yofookerapo poyerekeza ndi yosula. Ikhale ya nchito zopepuka zokha. Mfundo ya theka, ija yopindika masaya, ndiyo yofooka koposa zonse, ndipo siyenera pa sipanala. Mlimi amene alibe tupa yabwino kapena dzanja lozolowera apite kwa mmisiri wokonza njinga zamoto kapena zigayo, atanyamula sipanala yomwe, kuti mmisiriyo ayese yekha.

ZIMENE SIZIYENERA KUCHITIKA

Musamange unyolo ndi waya, ndipo musaike msomali m'malo mwa pini. Msomali ndi chitsulo chofewa, chopangidwa kuti chipindike m'mtengo. Pini ya unyolo ndi chitsulo cholimbitsidwa ndi moto pa fakitale. Bauti wamba nayenso ndi wofewa. Musaotcherere unyolo, pakuti kutentha kumachotsa kulimba kumene chitsulocho chinapatsidwa, ndipo pafupi ndi pootcherera pamathyoka mosachenjeza.

Choopsya koposa zonse ndicho kubveka paipi pa chigwiriro kuti chitalike. Munthu amene watalikitsa unyolo nakagwira paipi yaikulu amapeza kuti siikutembenuka, ndipo maso ake amagwera pa chidutswa cha paipi chimene chiri pafupi. Tibwerere ku chiwerengero chathu chija. Chigwiriro cha mainchesi 18 chikatalikitsidwa kufika mainchesi 48, mphamvu ya munthu yemweyo imachuluka ka 24, ndipo unyolo umasenza ngati makilogalamu 960, ndiwo matumba 19 a chimanga. Akathandizana amuna awiri, katunduyo amawirikiza. Unyolo ukaduka pamenepo umakwapula ngati chikoti, tizidutswa ta pini timauluka, ndipo wokokayo amagwa chagada kapena kumenyetsa dzanja pa chitsulo. Mlimi amene wabvulala diso kapena wathyoka mkono mu October saoka fodya mu December.

POGWIRITSA NCHITO

Yambani mwafewetsa dzimbiri. Thirani palafini wosakaniza ndi oilo pa mazinga madzulo, kuti alowerere usiku wonse. M'mawa gogodani soketi ndi nyundo kuzungulira konse, mutatsamiritsa nyundo ina kuseri kwake. Ngati yakanikabe, tenthetsani soketi yokha pang'ono kuti ifutukuke. Koma chitani zimenezi panja, kutali ndi mafuta a injini, mutapukuta palafini yense, ndipo musapume utsi wa mapaipi oyera aja opakidwa zinki, chifukwa umadwalitsa.

Tsukani mano a sipanala ndi burashi ya waya, pakuti mano odzala dothi ndi girisi amaterereka. Unyolo ugone molunjika pa paipi, wosapotoka, ndipo polumikiza pasakhale pa ngowe kapena pansi pa mano. Gwirani paipi inzake ndi sipanala yachiwiri, kuti mungapotokole mzere wonse ndi kuthyola pampu. Imani motangadza miyendo, mukokere chigwiriro kwa inu, osachikankha, nkhope iri kumbali kwa unyolo. Ana ndi oonerera aime patali. Kokani pang'ono poyamba, mumasule, muyang'ane polumikiza. Ngati pini yapindika kapena tsaya latseguka, lekani pomwepo. Ngati mukumasula mapaipi olendewera m'chitsime, paipi ya m'munsi ikhale yomangidwa ndi chopanira chake musanayambe, pakuti paipi ikagwera pansi mudzi wonse ungathe masabata wopanda madzi.

Pali mapaipi ena amene sipanala ya unyolo siyenera kuwakhudza, unyolo ukhale wautali kapena waufupi. Mjigo wa Afridev, umene chiyambi chake chinali kuno ku Malawi cha m'ma 1980, uli ndi mapaipi a pulasitiki omatidwa ndi guluu, ndipo mano a sipanala amawang'amba. Kukonza kwake asiyireni a komiti ya mjigo ndi mmisiri wophunzira nchitoyo. Mapaipi a utsi a m'balani ya fodya ndi a chitsulo chopyapyala, ndipo unyolo ukathina amaphwanyika.

NTHAWI YOBWEREKA

Ngati mwathira palafini, mwagogoda, mwakoka ndi mphamvu ya munthu mmodzi, ndipo paipi siinagwedezeke, sipanala yanu yanena mau ake otsiriza. Pitani mukabwereke yaikulu kwa mwini chigayo kapena kwa mmisiri wa mapampu, ngakhale afune kangachepe. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tsiku limodzi la paulendo ndi laling'ono poyerekeza ndi nazale yopserera kapena munthu wogona m'chipatala. Gulu limene liri ndi mapaipi a mainchesi 3 kapena 4 lichita bwino kupatula ndalama pa nthawi yogulitsa fodya, ligule sipanala yolingana ndi mapaipi ake, ndi kusankha munthu mmodzi woisunga.

Pobwezera mapaipi, pakani girisi mazinga onse, kuti chaka chamawa adzamasuke ndi dzanja limodzi. Mukatha nchito pukutani unyolo, muuthire oilo, ndipo muupachike m'nyumba mosafika chinyezi. Ndipo musadikire kuti pampu ifere pakati pa October: yesani mapaipi anu ndi sipanala yanu fodya asanafesedwe. Ngati pali chimene sichinamveke, tengani sipanalayo mupite nayo kwa Mlangizi wa Zaulimi wa m'dera lanu, muyese naye limodzi.